Pug si galu wa m'khola la malata

Agalu a mtundu wa pug ayamba kupezeka m'makomo ena muno mu Lilongwe, koma eni ake ambiri akuwasunga monga tinazolowerera kusunga galu wolondera: khola la malata kuseri kwa nyumba, tcheni pakhosi, mkute madzulo. Galu wachikuda amapirira zimenezi. Pug sangapirire, ndipo gwero la vuto lili pankhope pake.

Mtunduwu unachokera ku China, ndipo kwa zaka mazanamazana oweta ankasankha agalu a nkhope yophwatalala kuti ndiwo aziswana. Mafupa a mphuno anafupika, koma mnofu wa m'kamwa ndi kukhosi sunachepe, motero njira ya mpweya ndi yothina. Mkonono umene ana amakondwa nawo uja ndi phokoso la mpweya wodutsa movutikira. Tikumbukenso kuti galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu, ndiye amene ali ndi mphuno yothina amatenthedwa msanga.

N'chifukwa chake miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, ndi yoopsa kwambiri. Masana pug azikhala m'nyumba kapena pakhonde podutsa mphepo, madzi akumwa ali pafupi nthawi zonse. Kokayenda muzipita naye mmamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo mtunda ukhale waufupi. Musamusiye m'galimoto pamene mukugula zinthu ku Old Town kapena ku City Centre, ngakhale mutatsitsako magalasi. Lamba wa pakhosi amafinya njira yothina kale ija, choncho gulani wodutsa pachifuwa. Ndipo chonde, mawu awa afike kwa mlonda ndi wantchito wapakhomo, pakuti masana galu amatsala ndi iwowo.

Mukaona akupuma mosalekeza, dovu likuchucha, lilime ndi nkhama zikuda, kapena akudzandira, thupi latentha mopitirira muyezo. Musayambe mwafufuza nambala ya dokotala. Muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira pamimba, m'khwapa ndi thupi lonse, mumukupize, kenaka muthamange naye kwa dokotala wa ziweto ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka. Osamufunditsa thaulo lonyowa, limasunga kutentha.

Kunenepa ndiko kumene ndimalimbana nako kwambiri ndi eni agalu, chifukwa kwathu kuno chiweto chonenepa timachiona ngati chosamalidwa bwino. Pug wamkulu ayenera kulemera makilogalamu 6 mpaka 8. Mafuta akaunjikana pakhosi ndi pachifuwa, kupuma kumavutirapo, mawondo ndi msana nazo zimalemedwa. Galuyu sakana chakudya, ndipo maso ake aja amachititsa chisoni munthu akamadya. Limbani mtima. Muyezereni chakudya kawiri patsiku, ndipo zotsala za nsima, tchipisi ndi mandasi zisamafike kwa iye. Mukasisita m'mbali muzimva nthiti popanda kudinikiza. Ngati simukuzimva, chepetsani chakudya.

Maso a pug ndi otong'oka, sachedwa kukandika ndi udzu, minga ya maluwa kapena chikhadabo cha mphaka, ndipo fumbi la mu Ogasiti ndi Sepitembala limawapweteka. Diso likamatsinzina, likachita manthongo ambiri kapena likayera ngati nkhungu, pitani kwa dokotala tsiku lomwelo, chifukwa chilonda cha padiso chimakula msanga mpaka kuchititsa khungu. Mankhwala a m'maso otsala m'nyumba musamudonthezere, ena amakulitsa chilonda. Musamupatsenso mapiritsi a anthu opha ululu monga ibuprofen, amaononga mimba ndi impso za galu.

Makwinya a pamwamba pa mphuno amasunga chinyezi ndi litsiro, makamaka m'dzinja. Muziwapukuta ndi kansalu konyowa, kenaka muumitse bwinobwino. Fungo loipa kapena kufiira ndi chizindikiro choti khungu layamba kudwala. Nyengo yomweyi ya mvula ndi pamene ntchentche zina zimaikira mazira panthaka ndi pa zogonera zonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu, choncho pogona pake pazikhala pouma.

Zinazo n'zofanana ndi za galu aliyense. Nkhupakupa zimafalitsa matenda otha magazi, ndiye mankhwala ake asamadumphe. Katemera wa parvo, matenda oopsa osanzitsa ndi otsekula m'mimba, ayambe mwana wagalu ali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa monga dokotala wanenera, ndipo wa chiwewe abayidwe akakwanitsa miyezi 3. Madokotala a ku LSPCA, bungwe losamalira nyama la mu Lilongwe, kapena alangizi a ziweto a boma akhoza kukuthandizani ndondomeko yake.

Kwa inu amene mukungoganiza zogula, musatenge kagalu ka m'mbali mwa msewu. Kaoneni make ndi bambo ake, mumvetsere mmene akupumira atangokhala. Mu 2019 boma la Netherlands linakhwimitsa lamulo loletsa kubereketsa agalu a mphuno yaifupi kwambiri chifukwa cha mavuto omwewa. Sankhani mwana wa mphuno yotulukako ndi mabowo a mphuno otseguka. Ngati muli naye kale wa mabowo othina, funsani dokotala za opaleshoni yokulitsa mabowowo akadali wamng'ono.