Mabuleki akakana kulimba pa galimoto yokhalitsa

Galimoto ikakhalitsa pakhomo osayenda, mabuleki ofewa si mpweya wokha ayi. Ma Corolla ndi ma Hilux akale amene ndimakonza kuno ku Zomba, kawirikawiri vuto limakhala labala ndi dzimbiri. Mutha kupopa kuti muchotse mpweya mpaka dzuwa kulowa, pedulo osalimba.

Yambani ndi kutaya mafuta onse akale a mabuleki. Mafuta a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi, ndipo chinyezi cha m'mphepete mwa phiri muno nthawi ya dzinja mukuchidziwa. DOT 3 watsopano amawira pa madigiri 205 Celsius, koma akamwa madzi amawira pa 140. Potsika ku Ku Chawe mabuleki amatentha, madziwo n'kusanduka nthunzi, pedulo n'kupita pansi. DOT 5 ndi wa mtundu wina, musamusakanize ndi awiriwa.

Tsopano chimene ambiri amaonongera galimoto. Musanaitane mnzanu wopopa, ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isamafike pansi penipeni. Mkati mwa masita silinda, pampu imene pedulo imakankha potumiza mafuta ku matayala, pisitoni inazolowera kuyenda kagawo kochepa. Kutsogoloko kumakhala dzimbiri. Mukaikankhira kumeneko, labala amang'ambika, ndiye mwadzigulira vuto lina.

Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, choncho pa zambiri timayamba kuchotsa mpweya pa tayala lakumbuyo kumanzere, lomwe lili kutali kwambiri ndi masita silinda, kumalizira lakutsogolo kumanja. Mnzanu apope, aponde osasiya, inu mutsegule nipo (kabawuti kotulutsira mpweya pa buleki ya tayala), mutseke, iye n'kusiya, kubwereza mpaka mafuta azituluka opanda thovu. Kathanki ka mafuta kapamwamba pa masita silinda kasaume. Nipo yogwira dzimbiri ithireni WD-40, igone usiku, mawa muimasule ndi sipanala yozungulira ya mamilimita 8 kapena 10. Ya kukamwa imadya mutu wa nipo. Ikamasuka koma osatulutsa kanthu, ichotseni muitokose ndi kawaya.

Thovu latha koma pedulo sikulimba? Pondani ndi kuigwira pomwepo. Ikamatsika pang'onopang'ono, kwinakwake kukudontha: chotsani madilamu (zitsulo zozungulira zovindikira mabuleki akumbuyo), funyululani labala wa masilinda akumbuyo muone ngati mwanyowa. Mukapeza mouma ponseponse, masita silinda ndiyo yatha, ikudutsitsa mafuta mkati mwake. Yatsopanoyo muichotse mpweya isanamangidwe pa galimoto.

Pedulo ikamapita patali koma n'kulimba mukapopa kawiri, onani mashuzi akumbuyo (zitsulo zimene zimakanikiza dilamu mkati), mwina atalikirana ndi dilamu. Ayandikizeni kaye.

Mapayipi a labala ofika ku matayala ndiwo amanamiza kwambiri. Kunja amaoneka abwinobwino, mkati atatupa. Mafuta amapita mukaponda koma osabwerera, tayala n'kumagwira ndi kutentha. Mukatsegula nipo tayala n'kumasuka pomwepo, kalipa (chitsulo chimene chimapana buleki pa tayala) alibe mlandu, kaikirani payipi. Ine galimoto yokhalitsa ndimangosintha onse, mtengo wake suposa wa ngozi.

Ziwiri zina zoiwalika. Ngati makalipa anachotsedwapo, onetsetsani kuti nipo zili pamwamba. Akasinthanitsidwa mbali, nipo imakhala pansi ndipo mpweya sungatuluke ngakhale mutatani. Ma Hilux ambiri ali ndi valavu kumbuyo, pafupi ndi ekiselo, yomwe ili ndi nipo yakeyake. Iyonso ifuna kutsegulidwa.

Mafutawa akadonthera pa penti tsukani msanga ndi madzi, amasupula. Mukamaliza yesani galimoto pamalo athyathyathya opanda anthu, mwa pang'onopang'ono, kenako muyang'anenso nipo iliyonse ngati sikudontha musanalowe mu msewu wa M3.