Momwe mungayesere ngati munda wanu ukumwa mvula kapena ukungoitaya

Mvula yamphamvu ikagwa mu Disembala, kaimeni m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa muno mu Chipata muone madzi ake. Amakhala ofiira psu, atasenza dothi la m'minda ndi la m'mapiri omwe tinawameta mitengo. Madzi othamangawo ndi omwewo amene tidzawasowe mu Okutobala, zitsime za m'madimba zikayamba kuphwa. Taganizani: mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa lima imodzi (kota ya hekitala), ndiye kuti pagwa malita 50,000, migolo 250 ya malita 200. Kuti mudziwe ngati madzi onsewa akulowa pansi kapena akungodutsa, pakufunika chitini, botolo ndi foni basi.

Choyamba, pezani chitini chachikulu cha pakamwa pa masentimita pafupifupi 15, muchiboole mbali zonse ziwiri. Chikhomereni pansi masentimita 5 kapena kupitirirapo pang'ono, mutaika kathabwa pamwamba kuti chilowe mowongoka. Musapalase nthaka, isiyeni mmene mwaipezera. Thirani madzi a theka la lita pang'onopang'ono, ndipo werengani nthawi pa foni mpaka madzi atazimirira. Mukatero thiraninso botolo lina pamalo pomwepo. Kuyesa kwachiwiriku ndiye koona, chifukwa dothi louma limameza madzi oyamba mwaludzu, makamaka makande a kudambo amene amang'aluka m'chilimwe koma akanyowa amafufuma n'kutseka ming'alu yonse.

Osayesa malo amodzi ayi. Yesani pakati pa munda, m'njira yodutsa ng'ombe popita kumadzi, ndi pansi pa mtengo pomwe masamba amaolerana, kapena m'thengo losalimidwa. Dothi likhoza kukhala la mtundu umodzi, katondo yemweyo, koma mudzaona kusiyana. Pansi pa mtengo madzi sachedwa, poti mizu, chiswe ndi nyongolotsi zinaboola kale tinjira. M'njira ya ng'ombe madzi amangokhala ndee, kukuyang'anani. Munda wanu ukafanana kwambiri ndi njira ya ng'ombe, vuto si mvula.

Kenako kumbani dzenje lofika m'bondo pafupi ndi pomwe munayesa, ndipo lasani khoma lake ndi mpeni kuyambira pamwamba kutsika. Pomwe khasu kapena pulawo imalekezera chaka ndi chaka, kawirikawiri masentimita 10 mpaka 20, mpeni umakana kulowa. Pamenepo dothi linagogomezeka n'kuuma gwa ngati pansi pa nyumba yozira. Zulani phesi la thonje kapena mpendadzuwa muone muzu wake waukulu. Ukakhala wopindikira kumbali m'malo molunjika pansi, wakuuzani zonse. Madzi nawo akafika pamenepo amabwerera.

Tsono kukonza kwake. Ntchito yaikulu ndi kuswa dothi lolimbalo, ndipo nthawi yake ndi mukangokolola, mu Meyi kapena Juni, nthaka isanaumiretu. Amene amadikira Okutobala amathyola msana pachabe. Ngati mulima ndi manja, kumbani maenje a gamphani ndi khasu lolemera lotchedwa Chaka, monga amaphunzitsira a bungwe la ulimi wosamala nthaka la Conservation Farming Unit: dzenje lotalika masentimita pafupifupi 30, mulifupi 15, kuya 20, kusiya masentimita 70 pakati pa maenje ndi 90 pakati pa mizere. Kuya kumeneku osakunyengerera, chifukwa dzenje losapyola pa dothi lolimba ndi kambale chabe. Olima ndi ng'ombe agwiritse ntchito ripa ya Magoye, chitsulo chong'amba mzere osatembenuza dothi, ndipo chaka chamawa adzang'ambe m'mizere yomweyo.

Chachiwiri ndi kufunda nthaka, ndipo apa mpomwe mtima wanga umawawa. Timakolola bwino, kenako mu Ogasiti munda wonse wapsa chifukwa cha mbewa. Mbewa ndi ndiwo, sindikana, koma mapesi amene apsawo ndi amene akanatchinga madontho a mvula kuti asamenye dothi n'kupanga kachikhakha kotseka pamwamba. Yalani mapesi, lambulani m'mbali mwa munda kuti moto usalowe, ndipo nkhani ya ziweto zomasulidwa mukakolola muikambirane ndi amfumu, chifukwa munthu mmodzi sangaithe.

Munda ukakhala potsetsereka, mizere ipingase phiri, isatsike nalo. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuthandizeni kuyeza mzere woyamba, ndipo pamzerewo bzalani udzu wa vetiva mothithikana. Mitengo ya Gliricidia, imene inayesedwa zaka zambiri kumalo ofufuzira zaulimi a Msekera ndipo a bungwe la COMACO amalimbikitsa alimi kubzala, imapereka masamba oti muzikwirira m'munda, pomwe mizu yake imatsika kukaboola pansi. Nsangu ukamera wokha, usiyeni.

Za kumtunda zisakudutseni. Madzi amene akukumba chigwembe m'munda mwanu anayambira kwa anzanu a pamwamba, ndipo matope ochoka kwa inu akathera mumtsinje, mwinanso m'damu la Lutembwe lomwe tauni ya Chipata imamwako. Choncho poyesa, itanani oyandikana nawo munda adzaone okha.

Lembani mphindi zija m'kope, ndi tsiku lake, ndipo khomani chikhomo pamalo pomwe munayesa. Chaka chamawa, mwezi womwewo, mudzabwererepo ndi chitini chomwecho.