Momwe mungathandizire ana kujambula zakukhosi ndi utoto wa madzi

Mwana wa zaka 6 kapena 8 mukamufunsa chomwe chamukwiyitsa, kawirikawiri amangoti ndwii, maso pansi. Mukamupatsa pepala lonyowa ndi utoto, zambiri zimatuluka zokha. Kuno ku Dedza kulankhula ndi zithunzi sikwachilendo. Ku Chongoni, komwe UNESCO inakulemba mu 2006 m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Ntchito yojambulitsa ana ndi utotoyi ingachitike m'kalasi pa phunziro la Expressive Arts, kutchalitchi kapena pakhonde pakhomo.

Pezani kabokosi ka utoto wa madzi kusitolo ya zolembera. Wofiira, wachikasu ndi wabuluu akukwanira, poti mitundu ina imabadwa mukaphatikiza itatuyi. Pepala likhale lolimba monga la manila, chifukwa la m'kope limang'ambika likanyowa. Mufunikanso zitini ziwiri za madzi, china chotsukira burashi, china cha madzi oyera, komanso kansalu, mchere ndi kachidutswa ka kandulo. Ndalama zikavuta musasiye: katondo wosefa bwino amapatsa mtundu wofiirira, makala opera amapatsa wakuda, madzi owiritsira chidede amafiiritsa pepala. Kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi kamalowa m'malo mwa burashi.

Yambani ndi kusewera chabe. Ana anyowetse pepala lonse ndi madzi oyera, kenako adonthezepo utoto, aone momwe ukuyenderera wokha. Pepala lina lisanyowe, alembepo mizere. Adzaona kuti ponyowa utoto umabalalika mofewa, pouma umaima pomwe wauika, m'mbali muli thwa. Kusiyana kumeneku ndiye chida chawo chachikulu.

Akazolowera, afunseni funso limodzi losavuta: "Kumbukira tsiku lomwe unasangalala kwambiri, kapena lomwe unachita mantha. Linali la mtundu wanji?" Apa ndi pomwe akuluakulu ambiri timalakwitsa zinthu, powauza kuti kufiira ndi mkwiyo, chikasu ndi chimwemwe. Musatero chonde. Kwa mwana amene amayi ake amagulitsa tomato pa Lizulu, kufiira kungakhale tsiku lomwe malonda anayenda, kunyumba kunali ndiwo yabwino. Wina buluu ndi m'mawa wa mu Juni, akupita kusukulu opanda juzi. Mtundu asankhe yekha, tanthauzo lake alidziwa ndi mwini.

Kenako awonetseni njira ziwiri zomwe ana amazikonda kwambiri. Ya mchere: utoto ukadali wonyezimira ndi madzi, awazepo timchere pang'ono, asakhudze mpaka pauma. Mchere umayamwa madzi n'kusiya timadontho towala, ndipo ana ena amati ndi mvula, ena misozi. Ya kandulo: asanapake utoto, ajambule ndi kandulo papepala louma chinthu chomwe sanauzepo munthu. Sichioneka. Akapakapo utoto pamwamba, phula limakana madzi ndipo chithunzicho chimaonekera choyera. Njira imeneyi ndimaikonda kwa ana amanyazi, chifukwa mwana amasankha yekha nthawi yoti chobisikacho chionekere. Pamene utoto wachuluka, atsindikepo kansalu kouma, pamayeranso.

Yanikani mapepala chogoneka pamalo osalala, timiyala m'ngodya kuopa mphepo. Nyengo yozizira ya kuno amachedwa kuuma, choncho konzani kuti zokambirana zidzakhale mawa lake m'malo mothamangitsa ana.

Pokambirana musafunse kuti "ndi chiyani chimenechi?" Funso lotere limamveka ngati chithunzi chalephereka. Nenani kuti, "Tandiuza za chithunzi chakochi." Akayankha, lembani mawu ake enieni kuseri kwa pepala pamodzi ndi tsiku. Akakana, musiyeni. Musapereke malikisi, musasankhe chokongola koposa, ndipo funsani kaye musanachipachike pakhoma kuti anzake aone.

Nthawi zina mwana amafotokoza zolemetsa, monga kumenyedwa kapena kugwiridwa mosayenera. Chithunzi pachokha si umboni, ndiye musayambe kumasulira mitundu. Mverani mawu ake modekha, musamupanikize ndi mafunso, kenako dziwitsani ogwira ntchito yoteteza ana a m'dera lanu, ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma, kapena imbani nambala yaulere ya ana, 116.