Mwagula malo ogulitsira khofi? Musathamangire kusintha kapu

Inu amene mukulandira makiyi a kamalo kogulitsira khofi kuchokera kwa mwini wakale, gawo lalikulu la ndalama zanu lagula chizolowezi cha anthu amene amalowa pakhomopo m'mawa uliwonse akudziwa kale kukoma kumene akakupeze m'kapu. Chizolowezi chimenechi sichichedwa kutha mwini watsopano akabwera ndi phuma.

Musanasaine chilichonse, onani mgwirizano wa lendi. Watsala ndi nthawi yaitali bwanji? Mwini nyumba wavomera mwa kulemba kuti udutse m'dzina lanu? Lendi ikatsala miyezi yochepa, mukhoza kugula bizinesi yopanda pokhala. Pemphaninso masitetimenti a ku banki ndi malisiti a chaka chathunthu, chifukwa malonda a khofi amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo, ndipo wogulitsa amakonda kuonetsa miyezi yabwino yokha. Funsani za ngongole, misonkho, ziphaso ndi malipiro a antchito. Funsaninso ngati makina ndi ake enieni: m'malo ambiri makina amakhala obwereka kwa kampani yogulitsa khofi, pa pangano lakuti muzigula khofi wawo yekha.

Mukalowa, masabata oyamba imani kuseri kwa kauntala, muphunzire kwa antchito amene mwawapeza. Iwowo amadziwa amene amafuna mkaka wochepa, amene amabwera ndi kapu yake, ndiponso ola limene mzere umatalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musasinthe ogulitsa khofi, mitengo ndi antchito nthawi imodzi, chifukwa malonda akatsika simudzadziwa chimene chawathamangitsa makasitomala.

Pamene ndikufuna mukhalitsepo ndi pa kapu yeniyeniyo. Lembani muyeso umene mwini wakale ankagwiritsa ntchito, muupachike pafupi ndi makina. Muyeso wofala wa espresso, khofi wochepa koma wamphamvu wotuluka m'makina, ndi uwu: magalamu pafupifupi 18 a khofi wogaya atulutse magalamu pafupifupi 36 a chakumwa m'masekondi 25 mpaka 30, madzi ali pakati pa madigiri 90 ndi 96. Gulani sikelo yaing'ono, musamayese ndi maso. M'mawa uliwonse, musanatsegule chitseko, pangani kapu imodzi muyang'ane mmene khofi akutsikira. Akathamanga ngati madzi, wotuwa, n'kudzaza kapu m'masekondi 15, ndiye kuti wagayidwa mokhakhala ndipo amveka wowawasa: sinthani chogayira kuti chigaye mosalala. Akamadontha movutikira mpaka kudutsa masekondi 40, wasalala kwambiri ndipo awawa. Muyesowu umasuntha khofi akamakalamba kapena mpweya ukakhala wachinyezi, choncho muziuyesa tsiku lililonse.

Khofi wokazinga gulani wochepa, pafupipafupi, ndipo muziona tsiku limene anakazingidwa pa paketi. Wongokazingidwa kumene amatulutsa mpweya wambiri, amafuna kupuma masiku angapo. Akakhalitsa masabata ambiri fungo limazirala. Msungeni motseka, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Gayani pamene kasitomala waitanitsa, pakuti wogayagaya amataya fungo m'mphindi zochepa.

Mkaka ndi pamene ndalama zimatayikira mwakachetechete. Usungeni m'firiji pansi pa madigiri 5, ndipo poufunditsa ndi nthunzi lekezerani pa madigiri 60 mpaka 65. Mukapitirira, kutsekemera kwake kumatha ndipo thovu limaphwa. Thirani m'jagi wokwanira kapu imeneyo basi, wotsala musaufunditsenso. Madzulo yang'anani umene watayidwa, muone ngati antchito akudzaza jagi mopitirira. Kapaipi ka nthunzi kapukuteni ndi kutulutsamo nthunzi pang'ono mukangomaliza, mkaka usaumiremo.

Makina muwaitanire katswiri m'mwezi woyamba, ngakhale akuoneka abwino. Aone mano a chogayira, mphira za pomwe khofi amatulukira, ndi sefa ya madzi. Madzi a mchere wambiri amasiya zoyera zouma mkati mwa thanki yowiritsira, zimene zimatseka timapaipi pang'onopang'ono mpaka makina aime tsiku lotanganidwa. Kutsuka makina ndi mankhwala ake potseka usiku uliwonse kusakhale kokambirana. Mafuta a khofi akakhalitsa amanunkha moipa ndipo amaononga kapu iliyonse ya m'mawa.

Werengerani mtengo wa kapu imodzi: khofi, mkaka, shuga, kapu yotaya ndi chivindikiro chake. Zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi lendi, magetsi ndi malipiro, choncho dziwani makapu angati pa tsiku amene amalipira zonsezo musanayambe kupeza phindu. Sungani padera ndalama zoyendetsera miyezi ingapo, ndipo thumba la bizinesi lisasakanikirane ndi la kunyumba.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzakhala ndi manambala anuanu. Pamenepo sinthani chinthu chimodzi, auzeni makasitomala pasadakhale, ndipo ngati ndi khofi watsopano apatseni alawe, mumve maganizo awo musanachotse wakale.