Momwe mungakonzekerere tsiku lomwe webusayiti yanu idzazime

Usiku wa pa 10 Malichi 2021 moto udabuka pa nyumba zosungiramo maseva (makompyuta akuluakulu omwe amasunga mawebusayiti) za kampani ya OVH mumzinda wa Strasbourg ku France. Nyumba imodzi yotchedwa SBG2 idapsa yonse ndipo mawebusayiti oposa 3 miliyoni adazima. Ambiri adabwerera, koma ena adatheratu, chifukwa backup yawo, kope losungidwa la zonse za pa webusayiti, idali pamalo omwewo. Ngati bizinesi, sukulu kapena mpingo wanu uli ndi webusayiti, chitani izi zinthu zidakali bwino.

Choyamba, dziwani komwe webusayiti yanu imagona. Ambiri timangolipira mnyamata amene adatipangira, iye amachita lendi malo kwa kampani ina, ndipo kampaniyo nayo nthawi zina imabwereka kwa zimphona monga Amazon Web Services, Google Cloud kapena Microsoft Azure. Mufunseni dzina la kampani ndi dziko lomwe kuli seva. Ukulu wa dzina usakupusitseni. Pa 20 Okutobala 2025 maseva a Amazon a ku Northern Virginia adasokonekera, ndipo mapulogalamu otumizirana mauthenga a Snapchat ndi Signal adavutika nawo kwa maola angapo.

Chachiwiri ndi chomwe ndimalimbikira kwambiri. Domain, dzina lija anthu amalemba pofuna kukupezani, ilembedwe m'dzina lanu, ndi imelo yanu, ndipo password muisunge nokha. Wokupangirani webusayiti akhoza kusamuka, kudwala kapena mungosemphana naye pa za ndalama. Zikatero dzina la bizinesi yanu lili m'manja mwake, ndipo kuliwombola ndi chintchito. Lowani nokha muakaunti, muone tsiku lomwe domain ikutha, mulilembe pakalendala ndipo muzilipira mwezi umodzi lisanafike. Ngati n'kotheka, gulani domain kwa kampani ina, malo osungira webusayiti kwa inanso. Seva ikafa, mumangoloza dzinalo ku seva yatsopano osapempha chilolezo kwa munthu.

Chachitatu, tengani backup muisunge kunja. Ngati mumalowa kudzera pa cPanel, tsamba loyendetsera webusayiti pa seva, pali malo olembedwa Backup pomwe mungakopere zonse. Musaiwale kuti zinthu zake ndi ziwiri: mafayilo, ndi database momwe muli nkhani, mitengo ndi maoda. Wotenga mafayilo okha watenga nyumba yopanda katundu. Amene webusayiti yawo idapangidwa ndi pulogalamu ya WordPress angaike pulagini (kapulogalamu kowonjezera) ya UpdraftPlus kuti izitumiza yokha ku Google Drive sabata iliyonse, ndipo kope lina likhale pa flash kapena pa kompyuta ya muofesi. Kenako yesani kuibwezeretsa pa malo ena oyeserera, ngakhale kamodzi kokha. Fayilo ikhoza kukhala yoonongeka inu osadziwa, ndipo tsiku la mavuto si loti muzikazindikirira zimenezo.

Chachinayi, werengani lonjezo la kampani yosunga webusayiti yanu pa kuchuluka kwa nthawi yomwe izikhala ikugwira ntchito. Akalemba 99.9%, ndiye kuti pachaka webusayiti ikhoza kuzima maola pafupifupi 9 iwo osaphwanya pangano. Akalemba 99%, ndi masiku atatu ndi theka. Akalephera, kawirikawiri amangokuchotserani pang'ono pa bilu yotsatira, makasitomala othawa sakubwezerani.

Chachisanu n'chachidule: tsegulani akaunti yaulere pa UptimeRobot. Imayang'ana webusayiti yanu mphindi 5 zilizonse ndipo ikazima imakutumizirani imelo.

Nanga ikazima? Musathamangire kusintha zinthu, yambani mwafufuza komwe kuli vuto. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadalira zingwe za pansi pa nyanja zomwe timazifikira kudzera ku Tanzania ndi Mozambique. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zidaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti n'kuyamba kukwawa kuno kwathu ndi m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa, pomwe maseva akunja ankagwira ntchito bwinobwino. Ndiye yesani kutsegula pa Airtel, muyesenso pa TNM, kenako mupemphe m'bale amene ali ku Johannesburg kapena ku London ayese. Ikatseguka kwa iye, vuto ndi njira, webusayiti musaikhudze. Ikakana konsekonse, onani tsamba lomwe kampani yanu imalengezerapo mavuto a maseva ake, ndipo likapita tsiku lathunthu opanda yankho lomveka, tengani backup ija musamukire kwina.

Pomaliza, konzani njira ina yolankhulira ndi makasitomala. Imelo ya bizinesi isakhale pa seva imodzi ndi webusayiti, apo ayi zidzazimira limodzi. WhatsApp ndi Facebook musaziwerenge ngati njira ziwiri, mwini wake ndi mmodzi, ndipo pa 4 Okutobala 2021 zidazima pamodzi ndi Instagram kwa maola pafupifupi 6. Lembani manambala a makasitomala anu okhazikika m'buku kapena mufoni, kuti tsiku limenelo muthe kuwaimbira kapena kuwatumizira SMS yowauza mitengo ndi komwe angalipire.