Siyani kuzula ma clam pamwala ngati chinangwa

Miyezi yozizira ino ndayenda m'nyumba zingapo kuno ku Durban kuona ma thanki a madzi a mchere owetera zamoyo za m'nyanja, ndipo nkhani ndi imodzimodzi. Clam, nkhono ya m'nyanja ya zigoba ziwiri, yafa kapena ili pafupi kufa, ukafunsa akuti "tinangoisuntha pang'ono kuti izioneka bwino kutsogolo". Kusuntha kwake ndiye kuigwira ndi manja awiri nkumakoka mpaka yazuka. Abale anga, zimenezi zandikwana.

Tembenuzani chigoba cha clam ya mtundu wa Tridacna maxima kapena crocea muone pansi pake, pali bowo pomwe pamatuluka tiulusi tolimba totchedwa byssus tomwe imagwirira mwala. Tiulusiti timachokera mkati mwa thupi lake lenileni, ndiye mukakoka si ulusi wokha umene ukuduka, mukung'amba nyama yamkati. Tsiku loyamba imaoneka bwinobwino, mnofu wa buluu uja uli tambasu pansi pa magetsi, inu nkumati zayenda. Pakapita masiku mnofu uja umayamba kubwerera mkati, chigoba chili yasa, mukadutsitsa dzanja pamwamba kuti muipatse mthunzi siitsekanso ngati kale. Pamenepo nyongolotsi za m'miyala ndi tinkhanu tayamba kale kulowera pabala paja. Ndipo clam ikafera m'thanki usiku imawola msanga, ammonia, poizoni wochokera ku zowola, amakwera m'madzi, m'mawa mupeza makorali, zamoyo za m'nyanja zija zooneka ngati miyala, nawonso afooka. Ndalama zonse zija zapita chifukwa chofuna kukongoletsa pabalaza.

Bambo wina amene ndimamuthandiza anandiuza motsimikiza kuti iye wakhala akuzula choncho kuyambira kale ndipo palibe inafapo. Nditafunsitsa ndinapeza kuti zomwe ankasunga kale zinali ma clam aakulu a mtundu wa derasa, zija zimangokhala pamchenga ndi kulemera kwake, zikakula sizidaliranso ulusi. Ulendo uno anagula crocea, mtundu umene kunyanja umadzikumbira malo mkati mwa mwala momwe, nkuichita zomwezo. Anandiimbira Lamlungu m'mawa akuti madzi achita mbuu ndipo nyumba yonse ikununkha. Ndinaitulutsa ndekha, pansi pake panali dzenje loti chala nkulowa.

Chimandiwawa nchakuti nyama zimenezi zili pa Appendix II ya CITES, mndandanda wa pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, zambiri zomwe timagula zimaleredwa m'mafamu kutali ku Pacific monga ku Palau ndi Marshall Islands, zayenda ulendo wonsewo ndi ziphaso kuti zidzafere m'manja mwathu pa mphindi imodzi. "Tinazolowera choncho" si yankho.

Ngati nkofunikadi kuti isamuke, ipendekeni pang'onopang'ono muone ulusi, dulani ndi lezala lakuthwa kufupi ndi mwala, kutali ndi thupi, idzameretsa wina. Chabwino koposa, yatsopano muziikhazika pa kamwala kafulati kapena pa chigoba chakale, igwire pamenepo, tsiku losuntha munyamula ndi kamwala komwe. Maxima ndi crocea zimafuna kuwala kwambiri chifukwa zimadya kudzera mu ndere zomwe zili mumnofu wake, ndiye sankhani malo apamwamba poyamba pomwe osati kumayesa uku ndi uku sabata iliyonse.  Yomwe mwaing'amba kale ichotseni muiike payokha lero lomwe isanakuonongereni thanki yonse.