Kudula nyimbo kuti ikhale ringtone yomveka ngakhale pamsika

Amayi anga amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo kafoni kawo kamabatani amakamanga pamfundo ya chitenje. Kwa miyezi ingapo ndinkangoimba osayankhidwa. Madzulo ankati, "Mwanawe, kulira kwakeko n'kwa aliyense, ndidziwa bwanji kuti ndi yanga?" Ankanena zoona. Pamsika foni ikalira, anthu asanu amapisa m'thumba nthawi imodzi. Choncho ndinawapangira ringtone yawoyawo, kuchokera pa nyimbo imene kwaya ya kumpingo kwathu inaimba pa ukwati wa achemwali anga.

Ine ndimagwiritsa ntchito Audacity, pulogalamu yaulere ya pakompyuta, imene imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mukatsegula nyimboyo muona mizere yokhala ngati mapiri: pamene yatalika mawu ndi okwera, pamene yaphwa mawu ndi apansi.

Nkhani yagona pa kusankha malo odula. Musathamangire pachiyambi pa nyimbo. Ine ulendo woyamba ndinatero, osaganiza kuti nyimbo ija imayamba ndi wotsogolera mmodzi, chapansipansi, ndipo pamene kwaya yonse ikulowa, woimba foni uja watopa kale n'kudula. Funani pamene onse alowa, kapena pakolasi, muyambire pa liwu loyamba lenilenilo. Mverani kawiri katatu. Kumbukiraninso kuti sipika ya foni ndi yaing'ono, siinyamula besi ndi ng'oma zikuluzikulu. Gawo limene limagwedeza nyumba pa sipika yaikulu, pafoni limangomveka ngati kunong'ona. Sankhani pamene pali mawu okwera a azimayi, kuomba m'manja kapena gitala. Mawu otere amaboola phokoso la minibasi ndi la oitanira malonda.

Kokani mausi musankhe masekondi 25 mpaka 30. Dinani Ctrl+C, kenako Ctrl+N kuti patseguke tsamba latsopano, n'kumata ndi Ctrl+V. Masekondi awiri omaliza asankheni, mupite pa Effect, muike Fade Out kuti nyimbo isaduke ngati magetsi azima. Fade In musaike ayi, chifukwa ibweza vuto lija loyamba chapansipansi. Ngati nyimboyo inajambulidwa ndi foni ndipo mawu ndi ochepa, ngati yathu ija, sankhani yonse muike Normalize. Mukatha, itulutseni ngati MP3 pa 128 kbps. Masekondi 30 amangodya malo pafupifupi 480 KB.

Itumizeni pafoni ndi chingwe cha USB kapena pa Bluetooth. Pa Android, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, iikeni mu foda ya Ringtones ya m'foni mwenimweni, osati pa memori khadi, chifukwa khadi mukalichotsa foni sipezanso nyimboyo. Kenako pitani pa Settings, pa Sound, muisankhe. Mukafuna kuti ilire munthu mmodzi yekha akaimba, tsegulani dzina lake mu Contacts muiike pamenepo. Pa kafoni kamabatani, ipezeni pamene pamakhala mafayilo, mudine Options, musankhe zoti ikhale ringtone. A iPhone, njira imodzi yosavuta ndi kudulira nyimboyo mu pulogalamu ya GarageBand pafoni pomwepo, ndipo isapitirire masekondi 30.

Musanakhutire, iyeseni pamene foniyo imakhaladi. Ine ndinawapempha amayi kuti aimange pachitenje monga mwa masiku onse, ndinatsegula wailesi mokweza, n'kutuluka panja kukaimba. Ulendo woyamba sanamve bwino, ndinabwerera pakompyuta n'kusankha pamene azimayi akuimba ndi nthungululu. Wachiwiri ndisanawerenge n'komwe mpaka zitatu, ndinamva ali m'nyumba akumasula mfundo ija, akuimba nawo nyimboyo.